Khansa ya kummero ndi m'mimba: labotale itsogole, mankhwala atsatire

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero imagwira anthu ambiri kuposa kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo ambiri a ife sitifunikira ziwerengero kuti tivomereze zimenezi. Tamuonapo munthu amene nsima idayamba kumukakamira pakhosi, n'kusiya nsima kumadya phala, phala litakanika n'kumamwa thobwa, mpaka tsiku limene ngakhale malovu omwe akulavulira m'kachitini. Akamafika ku chipatala chachikulu amakhala atatheratu thupi, ndipo nthawi zambiri chimene madokotala angamuchitire ndi kumuika kapaipi ka stent kuti chakudya chizidutsa masiku otsalawo.

Tsopano popeza dziko lili ndi chipatala cha khansa ku Lilongwe, n'zosadabwitsa kuti achibale a odwala akufunsa za mankhwala atsopano amene amawawerenga pa intaneti, aja amati amalunjika pa chotupa chenichenicho osawononga thupi lonse. Funsolo ndi loyenera, koma ife tikuti pali lina loliposa limene liyenera kuyankhidwa kaye. Mankhwala amenewa amagwira ntchito pokhapokha chotupacho chili ndi puloteni imene iwo adapangidwira, ndipo puloteniyo sioneka pa nkhope ya wodwala kapena pa chithunzi cha sikani. Imaoneka m'labotale, pa kanyama kodulidwa ku chotupacho. Dziko limene lingagule mankhwalawa lisanakonze malabotale ake lidzataya ndalama, ndipo lidzapweteka odwala ena.

Pa khungu la selo lililonse m'thupi mwathu pali timapuloteni tolandira uthenga wochokera kunja, timene akatswiri amatitcha ma receptor. Tingati ndi makutu a selo. Thupi likafuna kuti bala lipole, kapena kuti m'kati mwa matumbo momwe mumaperepeseka tsiku ndi tsiku mumere maselo atsopano, limatumiza uthenga, khutu limamva, selo limagawikana. Ntchito ikatha uthenga umaleka, selo n'kupuma. M'zotupa zina selo limapanga makutu ochuluka mopyola muyeso, moti kanong'onong'o chabe limakamva ngati mfuu, n'kumangogawikana osalekeza. M'zotupa zina makutuwo sachuluka koma amawonongeka, n'kumamva lamulo pamene palibe walankhula. Umu ndi mmene zotupa zambiri zimakulira, kulowerera m'minofu yoyandikana nazo, mpaka kukafika ku chiwindi kapena ku mapapo.

Puloteni yodziwika kwambiri mwa izi ndi HER2. Mu 1987 Dennis Slamon ndi anzake a ku Los Angeles adaonetsa kuti amayi a khansa ya m'mawere amene zotupa zawo zili ndi HER2 yochuluka, matenda amawabwerera msanga ndipo sakhalitsa. Mankhwala a trastuzumab, amene amamatirira pa HER2, adaloledwa ku America mu 1998. Padapita zaka 12 kuti zitsimikizike ngati angathandizenso pa khansa ya chifu. Kafukufuku wotchedwa ToGA, amene adachitika m'mayiko 24 ndipo mmodzi mwa omutsogolera anali Yung-Jue Bang wa ku Seoul, adayeza zotupa za anthu pafupifupi 3,800, n'kupeza kuti chotupa chimodzi mwa 5 zilizonse ndicho chinali ndi HER2 yochuluka. Odwala 594 mwa amenewo adawagawa pawiri. Zotsatira zake zitatuluka mu 2010, theka la olandira kemo yekha linapyola miyezi 11.1 lili moyo, pamene theka la olandira kemo pamodzi ndi trastuzumab linapyola miyezi 13.8.

Wina anganene kuti miyezi yosakwana 3 n'chiyani pa ndalama zonsezo. Funso limenelo si lankhanza, ndipo unduna wa thumba laling'ono ngati wathu uyenera kulifunsa mosachita manyazi. Koma pali mfundo ina m'kafukufuku yemweyo imene ikutikhudza kwambiri. Odwala amene zotupa zawo zinali ndi HER2 yochuluka zedi ndiwo adapindula kwenikweni: miyezi 16 poyerekeza ndi 11.8. Ndiye kuti phindu la mankhwalawa limadalira luso la amene akuyang'ana kanyamako. Odwala 4 mwa 5 aja amene alibe HER2 yochuluka palibe chimene angapezepo, kupatula chiopsezo choti mtima wawo ufooke, pakuti trastuzumab amatha kufooketsa mtima.

Pali khansa ina ya m'mimba, yosowa ndithu, imene nkhani yake ndi yolimbikitsa kuposa apa. Imatchedwa GIST, ndipo imayambira m'khoma la chifu kapena la matumbo. Kale madokotala ankaisokoneza ndi zotupa za minofu, ndipo kemo sankaigwira. Mu 1998 Seiichi Hirota ndi anzake a ku Osaka adapeza kuti m'zotupa zambiri za mtunduwu puloteni yotchedwa KIT imakhala yowonongeka, yoyaka usana ndi usiku. Mu 2001 Heikki Joensuu wa ku Helsinki adalengeza za mayi wina amene GIST idali itamufalikira m'chiwindi, yemwe zotupa zake zidaphwa atayamba kumwa mapiritsi a imatinib. Chaka chotsatira mankhwalawa adaloledwa pa GIST. Odwala amene kale sankakwanitsa zaka 2 matenda akafalikira adayamba kufika zaka pafupifupi 5, ena kupyola pamenepo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidaika imatinib ndi trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015. Imatinib ndi mapiritsi oti munthu angamwere kwawo ku Mchinji kapena ku Mulanje. Koma kuti apatsidwe, payenera kukhala wina wopaka kanyama kake mankhwala oonetsa KIT n'kunena kuti iyi ndi GIST. Popanda zimenezo, wodwala wochiritsika amabwezedwa kunyumba ndi mankhwala ochepetsa ululu.

Sitikufuna kuti owerenga aganize kuti puloteni ikangooneka ndiye kuti nkhani yatha. Khansa ya matumbo aakulu idaphunzitsa madokotala kudzichepetsa. Mankhwala a cetuximab, otseka puloteni ya EGFR, atangololedwa mu 2004, ankapatsidwa kwa odwala amene zotupa zawo zaonetsa EGFR m'labotale. Patapita nthawi zidadziwika kuti kuchuluka kwa EGFR sikukulosera chilichonse: ena okhala nayo yambiri sankachira, ena ooneka ngati alibe ankapeza bwino. Yankho lidabwera mu 2008. M'kati mwa selo muli puloteni ina, KRAS, imene imalandira uthenga kuchokera ku EGFR n'kuupititsa patsogolo, ndipo m'zotupa pafupifupi 4 mwa 10 zilizonse za matumbo aakulu KRAS imakhala yowonongeka, yotumiza uthenga payokha. Kutseka khutu kulibe phindu ngati wofuulayo ali kale m'kati. Lero palibe dokotala wosamala amene angapereke cetuximab asanayeze DNA ya chotupa.

Apa ndiye pakubwera nkhani yathu yeniyeni. Khansa ya kummero ili mitundu iwiri ikuluikulu. Ku Britain ndi ku America wofala ndi wa adenocarcinoma, woyambira kumunsi kwa mmero pafupi ndi chifu, umene umayenderana ndi kunenepa komanso asidi wa m'chifu wobwerera m'mwamba. Kuno kwathu, monganso ku Kenya, Tanzania ndi ku Eastern Cape ku South Africa, odwala oposa 9 mwa 10 ali ndi mtundu wa squamous, woyambira m'maselo aphanthiphanthi amene amakuta m'kati mwa mmero. Trastuzumab adayesedwa n'kuloledwa pa adenocarcinoma. Banja limene lingagulitse ng'ombe kuti likagule mankhwalawa ku India chifukwa lamva kuti amathandiza khansa ya kummero, lisanadziwe mtundu wa chotupa cha bambo awo, lingakhale litagula mankhwala a matenda a munthu wina.

Zotupa zambiri za squamous zimakhala ndi EGFR yochuluka, ndipo akatswiri ena asonyeza kuti zoterezo zimakula mwaukali. Zinali zomveka kuganiza kuti cetuximab angathandize. Ku Britain adayesa zimenezi m'kafukufuku wa SCOPE1, momwe odwala ambiri anali a squamous, powonjezera cetuximab pa kemo ndi cheza chowotchera khansa. Zotsatira za mu 2013 zidaonetsa kuti olandira cetuximab adavutika kwambiri ndi mankhwala ndipo sadakhalitse kuposa anzawo, moti kafukufukuyo adaimitsidwa asanafike gawo lomaliza. Chiyembekezo cha masiku ano pa squamous chili pa mankhwala monga nivolumab ndi pembrolizumab, amene amamasula asilikali a m'thupi kuti alimbane ndi chotupa, ndipo nawonso amathandiza kwambiri odwala amene zotupa zawo zili ndi puloteni ya PD-L1. Mitengo yake ndi yoti ngakhale mayiko olemera amaidandaula, ndipo odwala ambiri a squamous amene mankhwalawa adayesedwapo anali a ku Asia.

N'chifukwa chake ntchito yofufuza zotupa za Amalawi eniake si yongokometsera mbiri ya sukulu zaukachenjede. Mu 2016 akatswiri adasindikiza zimene adapeza atawerenga DNA ya zotupa za odwala 59 a kuno: mbali ya DNA yotchedwa TP53, imene ntchito yake ndi kuletsa selo lowonongeka kugawikana, inali yowonongeka m'zambiri, ndipo sadapeze umboni woti kachilombo ka HPV ndiko kakuyambitsa khansayi. Mu 2021 kafukufuku wina adayerekeza zotupa 552 zochokera m'mayiko 8, Malawi ali momwemo, ndipo sadapeze chizindikiro chimodzi m'DNA chofotokoza chifukwa chake matendawa ali ochuluka kwina n'kuchepa kwina. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, pogwira ntchito ndi akatswiri a ku Kenya, Tanzania ndi Malawi, laloza chala mowa, makamaka waukali wa mtundu wa kachasu, komanso zakumwa ndi zakudya zotentha kwambiri. Mu 2016 lidanena kuti zakumwa zotentha kupyola madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Izi aliyense angathe kuchitapo kanthu mawa m'mawa pomwe tiyi ali pa tebulo.

Tibwerere ku kanyama kaja, pakuti m'pamene ndalama zochepa zingasinthe zambiri. Dokotala amalowetsa paipi ya kamera kudzera m'kamwa, amaona chotupa, n'kutsina tinyama ta mamilimita 2 kapena 3. Pa khansa ya chifu sayenera kutsina kamodzi kokha, chifukwa HER2 imatha kuchuluka mbali imodzi ya chotupa n'kusowa mbali ina. Malangizo amati tinyama tisachepere 5. Timayenera kulowa m'botolo la formalin ola lisanathe, n'kukhalamo maola osachepera 6 koma osapyola 72. Kenaka amatikuta m'phula, n'kutisenga mopyapyala zedi, n'kutiyala pa galasi, n'kutipaka mankhwala omatirira pa puloteni imene akuifuna. Pa maikulosikopu, selo lokhala ndi HER2 yochuluka limaoneka ndi mzere wa bulauni m'mphepete mwake. Katswiri amapereka malikisi: 0, 1+, 2+ kapena 3+. Akapeza 3+ wodwala angalandire mankhwala, akapeza 0 kapena 1+ ayi, ndipo 2+ imafuna kuyeza kwina kowerengera DNA.

Tsono taganizirani botolo lomwelo litakhala pa shelefu ya chipatala cha m'boma milungu iwiri kudikira galimoto yopita ku tauni, kapena litathiridwa formalin wosungunulidwa mongoyerekeza. Mapuloteni amawonongeka kapena kubisika, mzere wa bulauni uja suoneka, ndipo pepala limabwera litalembedwa kuti HER2 palibe pamene ilipo. Palibe amene angadziwe kuti pachitika cholakwa. Wodwala amangouzidwa kuti mankhwala aja si ake.

Maziko alipo kale. Labotale yoyeza tinyama ya pa Kamuzu Central idatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo idaonetsa kuti akatswiri a kuno ndi a kunja angathe kuyang'ana galasi limodzi kudzera pa intaneti n'kugwirizana chimodzi. Ku Blantyre ntchito yomweyi imachitika pa Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Koma madokotala a ntchito imeneyi ndi owerengeka pa zala m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ndipo ntchito yoyeza mapuloteni yadalira kwambiri ndalama za kafukufuku, zimene zimabwera ndi pulojekiti n'kupita nayo.

Mu Disembala 2019 WHO idavomereza koyamba trastuzumab wopangidwa ndi kampani ina osati mwini wake woyamba, ndipo mitengo yakhala ikutsika. Tsiku likubwera pamene boma lidzawagula ochuluka, makamaka chifukwa cha amayi a khansa ya m'mawere, amene nawonso amafunikira kuyeza komweku, pa makina omwewa, ndi anthu omwewa. Ife tikupempha kuti m'ndondomeko ya chuma ya Unduna wa Zaumoyo mukhale ndalama zolembedwa padera za formalin, mabotolo, mankhwala opakira magalasi, maphunziro a ogwira ntchito m'labotale ndi mayendedwe a tinyama kuchokera m'maboma, ndalama zoti zisamasunthidwe mafuta a ambulansi akatha. Ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za umoyo, ikadzaitana akuluakulu a unduna, iwafunse kuti kanyama kodulidwa ku Chitipa kapena ku Nsanje kamatenga masiku angati kuti kafike pa maikulosikopu, komanso masiku angati kuti pepala la zotsatira libwerere kwa mwini wake.