Moto Wosaoneka M'khitchini Mwathu

Amayi anzanga, moto wa pamafuwa subisala: utsi ndi makala zimachenjeza ngakhale mwana wokwawa. Koma chitofu chamagetsi chokhala ndi galasi pamwamba, chimene ena a ife kuno ku Domasi tayamba kuphikirapo, moto wake ndi wobisika. Mukachizimitsa kufiira kumatha msanga, pamene galasilo likadali lotentha koopsa. Mwana asayandikirepo kufikira kanyali kochenjeza katazima.

Ngozi yaikulu imadza magetsi akathima. Tonse tikukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Magetsi akathima nsima ili pamoto, timathamangira ku mbaula, n'kuiwala kutseka chitofu. Akayaka pakati pa usiku, kansalu kamene tinasiya pagalasipo kakhoza kugwira moto banja lonse lili m'tulo. Choncho yambani mwatseka chitofu ndi swichi yapakhoma musanakoleze makala.

Posamala galasilo, iwalani mchenga ndi phulusa zimene timakwechera mapoto. Dikirani lizizire, n'kulipukuta ndi nsalu yofewa yonyowa. Koma shuga akasungunukirapo mpaleni msanga ndi mosamala, pakuti akauma amasiya timaenje. Povundula nsima gwiritsitsani poto kuti asamakwekwerezeke, ndipo kunsi kwake kusakhale mwaye kapena mchenga.

Galasi likang'aluka lekani kuphikirapo, chifukwa madzi akalowa pamng'alupo magetsi akhoza kukugwirani. Itanani mmisiri wa zamagetsi adzaone. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.