RAM yothamanga si mankhwala a kompyuta yochedwa

Anyamata a makompyuta pa Chiringa, kwa Nazombe kuno, alowa chilakolako chatsopano. Akaonera mavidiyo pa YouTube, aliyense akufuna kulowa mu BIOS n'kuthamangitsa RAM kupyola liwiro lomwe inabwera nalo, zija amati overclocking. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ndikuti kwa ambiri a ife uku n'kutaya ndalama.

Liwiro lovomerezeka la RAM limaikidwa ndi bungwe la JEDEC. DDR4 yambiri imadzuka pa 2133 kapena 2400, pa mavoti 1.2. Mu 2007 kampani ya Intel inabweretsa XMP, malangizo osungidwa pa RAM pomwepo, oti mukangowayatsa liwiro likwere mpaka 3200 kapena 3600, mavoti n'kufika pa 1.35. AMD nayo inatulutsa yake, EXPO, mu 2022. Zonsezi zimagwiradi ntchito, koma pa makina opangidwira zimenezo.

Nanga makina athu ndi otani? Ambiri ndi a kaunjika, ochokera m'maofesi akunja, omwe timakagula ku Limbe. BIOS yake ndi yokhoma, XMP mulibemo. Mnyamata wina wojambula maukwati anandibweretsera RAM ya magetsi owala mitundumitundu, yomwe anaigula ndi ndalama za nandolo wa mayi ake. Titaiika, inadzuka pa 2133 basi, ndipo inali yaitali moti chivundikiro cha kompyuta chinakana kutsekeka. Magetsiwo ankawala ndithu, osanama.

Kwa amene makina awo amalola, vuto ndi lina. RAM yopanikizidwa siilira. Imangolakwitsa kanambala kamodzi mwakachetechete, inu osadziwa, mpaka tsiku lomwe vidiyo ya ukwati wa anthu ikukana kutseguka, eni ake ali pakhomo. Kuti mutsimikize kuti zili bwino muyenera kuiyesa ndi pulogalamu ngati MemTest86 usiku wonse, magetsi osathima. Ndani kuno angalonjeze zimenezo? Onjezanipo kutentha kwa Okutobala ndi fumbi lomwe limamata pa fani ngati bulangete. Ngakhale kumaiko a magetsi odalirika zinthu zinapsapo: mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000 anapserera chifukwa cha mavoti okwera, mpaka AMD inaika malire a mavoti 1.3.

Ndipo phindu la kuthamangitsa RAM polemba makalata kapena kusindikiza mafomu simungalione ndi maso. Limaonekako pang'ono pa magemu.

Ndalama yomwe mukadagulira RAM yothamanga ikagula RAM yachiwiri yofanana ndi yoyamba, ziwirizo zimagwira ntchito limodzi ndipo njira ya deta imakula kawiri. Makina opanda khadi lapadera la zithunzi amasinthiratu. Chotsani hadi disiki yakale muike SSD, Windows idzadzuka musanamalize kukoka mpando. Yotsalayo sungirani UPS, ndipo mwezi ndi mwezi muzitsegula bokosi n'kupemerera fumbi.

Amene ali ndi bodi yolola XMP ayatse, sindikuletsa, koma alekere pa liwiro lolembedwa pa paketi. Akapitirira n'kuona sikirini yada bii, asathamangire kwa ine ndi kabaza. Azule chingwe kukhoma, achotse kabatire kozungulira ka CR2032 pa bodi, adikire mphindi zingapo, akabwezeretse. Nthawi zambiri kompyuta imadzuka pa liwiro lake lakale.