Mbiri ya Mbumba Ili pa Bwinja

Mwana amene watsiriza sukulu ku Chileka amatha kutchula chaka chimene David Livingstone adafika pa mathithi a Shire, chaka cha 1859. Koma akafunsidwa dzina la mayi amene adabala agogo ake aakazi, amangoti kukamwa yasa. Chilema chimenechi chifunika kuchichiza msanga, pakuti nkhalamba zodziwa maina ameneŵa zikutha chaka ndi chaka.

Dziko la pakati pa Chileka ndi Lirangwe limaoneka ngati lopanda nkhani. M'mwezi wa Okutobala nthaka imachita gwa, timitsinje timasanduka mchenga, ndipo popeza mitengo yambiri idatha ndi makala, pamaonekera milambe yokha. Munthu wodutsa pa basi angayese waona chipululu. Komatu m'dera louma lomweli mudadutsa njira ya ku Matope, kumene sitima za kampani ya Mandala zinkayambira ulendo wa kunyanja. Chifukwa mathithi adatseka mtsinje, katundu wochokera ku Blantyre ankayenda pamitu pa amtengatenga. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 idapitirira mpaka ku Salima. Mabuku amatchula kampani ndi Azungu ake, koma maina a osenza katundu aja adatsala m'mitu mwa zidzukulu zawo basi.

Kufufuza mbiri yotere sikulira ndalama. Kumafuna kope, pensulo ndi ulemu. Wofufuza ayambe ndi agogo aakazi ndi amalume, popeza mabanja ambiri kuno amatsata kuchikazi. Afunse mfunda wa makolo, kumene adachokera, ndi chimene chidawasamutsa: kaya nkhondo ya Angoni ya 1884, kaya msonkho, kaya thangata, kaya njala. Kenaka apemphe chilolezo kwa mfumu kuti akaone bwinja la mudzi wakale. Kumeneko mapale, miyala yoperera ndi mitengo ya mango yokalamba zimasonyeza pamene padali nyumba. Zimenezi aziyang'ane ndi kuzijambula, koma asazitole. Akapeza chachilendo adziwitse a nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri.

Luso la manja nalonso ndi kaundula wa mbumba. Mayi woumba mbiya amadziwa amene adamphunzitsa, ndiponso amene adaphunzitsa mphunzitsi wakeyo. Bambo woluka mphasa kapena lichero amakumbukira dambo limene atate ake ankadulako bango. Ndowa za pulasitiki zikamalanda malo a mtsuko, sipatayika mtsuko wokha ai. Pamatayikanso maina a anthu amene adausiya.

Alipo ena amene amati zokamba nkhalamba si mbiri, poti sizidalembedwe ndipo wina amaiwala, wina amakometsa. Nzoonadi kuti mutu umaiwala, ndipo nchifukwa chake wofufuza ayenera kufunsa anthu angapo, nayerekeza mau awo ndi mabuku a ubatizo a m'mipingo kapena zolembedwa zosungidwa ku National Archives ku Zomba. Koma kunyoza zapakamwa nkulakwa. Megan Vaughan, polemba buku lake la mu 1987 lonena za njala ya 1949, adadalira kwambiri zimene adamva m'midzi ya m'boma lomweli la Blantyre, pamodzi ndi nyimbo za amayi za pamtondo. Ngati mlendo adapeza buku lathunthu pamtondo, mwini mudzi angalephere bwanji kudzaza kope limodzi?

Aphunzitsi ndiwo ali ndi mphamvu yoyambitsa ntchitoyi. Potsekera sukulu, mwana aliyense apatsidwe ntchito yolemba mibadwo inayi ya kwawo, bwinja limodzi ndi mmisiri mmodzi, ndipo makopewo asungidwe pasukulu. Otsiriza sukulu amene akudikira ntchito atsogolere ang'ono awo. Akulu adati safunsa adadya phula. Koma wochedwa kufunsa adzapeza pakhonde pa agogo patatsala mphasa yokha.