Nthaka ndi Ulimi: Malasha Adzatha, Nanga Munda?

Ku eMalahleni m'dziko la South Africa, ku Maamba m'dziko la Zambia ndiponso ku Moatize m'chigawo cha Tete, malasha ambiri amakumbidwa pofukula nthaka yonse yapamwamba. Mgodi wotere umameza minda ndi msipu womwe. Tsiku lina malasha adzatha. Kodi malowo adzalimidwanso?

Yankho lagona pa dothi lapamwamba, lakuda lija, lokhala ndi nyongolotsi, njere za udzu ndi tizamoyo tothandiza mizu. Kampani yosamala imapala dothi limeneli palokha. Komabe likaunjikidwa pa chimulu kwa zaka zambiri, mpweya sulowa ndipo chonde chimatha. Choncho njira yabwino ndiyo kukwirira kumbuyo pamene kukumba kukupita patsogolo: dothi lopalidwa lero lizikayalidwa pamene malasha achotsedwa kale. Potero limanyamulidwa kamodzi kokha, ndalama zimapulumuka, ndipo limafika lidakali lamoyo.

Dongosolo la kakwiriridwe nalonso n'lofunika. Miyala ina yotuluka ndi malasha ikakumana ndi madzi ndi mpweya imatulutsa asidi, vuto limene lawononga madzi a mtsinje wa Olifants ku South Africa. Miyala yotere iyenera kupita pansi penipeni, dothi lachonde pamwamba, ndipo pamene pali asidi pathiridwe laimu.

Tisanyengedwenso ndi kubiriwira. Dziko la America litakhazikitsa lamulo lokonzanso malo a migodi mu 1977, makampani a kumapiri a Appalachia ankasalaza nthaka ndi zimakina zolemera n'kufesa udzu. Pamaso pankakongola, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nthaka inali italimba ngati msewu ndipo mitengo inkapinimbira. Pambuyo pake anaphunzira kuthira dothi lokuya mamita 1.2 kapena kuposerapo, osalitsendera, kenaka n'kubzala mitengo.

Inu alangizi, mafumu ndi alimi oyandikana ndi migodi, musadikire tsiku lotseka mgodi. Funsani pamsonkhano woyamba: dothi lathu lisungidwa kuti, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Ndalama zokonzera malo zaikidwa padera, monga momwe malamulo a ku South Africa amafunira? Malowo akadzabwezedwa, kodi padzamera udzu wokha, kapena chimanga ndi nandolo? Mayankho ake alembedwe, ndipo mudzi usunge pepala lake.