Musanagule magalasi, yambani mwafufuza kompyuta

Mwezi wathawu bambo anga anatsala pang'ono kugula magalasi a maso pamsika. Ndinawapatsa laputopu yanga yakale kuti aziwerengerapo nkhani pa intaneti, koma patangotha masiku atatu anandiimbira foni. "Mwanawe, maso anga atha basi. Zilembo zikungooneka ngati zanyowa ndi mvula." Chinandidabwitsa n'chakuti mauthenga a pa WhatsApp, a zilembo zing'onozing'ono aja, amawerenga bwinobwino pafoni. Ndiye ndi maso otani amene amangodwala pa laputopu pokha?

Nkhani yake ili chonchi. Sikirini iliyonse ndi timadontho tambirimbiri towala, ndipo chilembo chimapangidwa poyala timadonthoto ngati mikanda. Foni zambiri zili ndi timadontho pakati pa 260 ndi 400 pa inchi imodzi, zina kuposa pamenepo. Laputopu ya mainchesi 15.6 ya 1366 x 768, ngati yomwe ndinapatsa bamboyi, ili ndi timadontho pafupifupi 100 basi pa inchi. Mikanda ikakhala yochepa komanso ikuluikulu, chilembo chokhota ngati S chimatuluka ndi m'mbali mwa manomano.

Pofuna kubisa manomanowo, kompyuta imasalaza m'mbali mwa zilembo. Pa Windows njira yake imatchedwa ClearType, yomwe kampani ya Microsoft inalengeza mu 1998. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi ka buluu, ndiye ClearType imayatsa tizigawoti patokhapatokha kuti mzere ukhote mosalala. Pa Windows XP munthu ankayenera kuiyatsa yekha, koma kuyambira pa Vista imabwera yoyatsa kale. A Apple anasiya kudalira njira yotereyi mu 2018 pa macOS Mojave, poti masikirini awo ambiri anali atafika pokhala ndi timadontho tochuluka.

Mabulawuza nawonso sajambula zilembo mofanana. Firefox inayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano ya Windows yotchedwa DirectWrite mu 2011, pomwe Chrome inatsatira mu 2014. Mpaka pano tsamba lomwelo likhoza kuoneka lakuda bwino mu bulawuza ina, kwinako n'kuoneka lotuwa.

Loweruka ndinapita kunyumba, ndipo wolakwa anapezeka kuti ndine. Kalekale ndinatsitsa resolution kuti zinthu zizioneka zazikulu, kenako n'kuiwalako. Mukatero kompyuta imakoka chithunzi ngati mphira, zilembo n'kuchita mbuu. Ndinalowa mu Settings, kenako Display, n'kusankha nambala yomwe pambali pake palembedwa kuti Recommended. Pompo chifunga chinachoka.

Kenako ndinalemba mawu oti ClearType pamalo osakira zinthu pa Windows n'kutsegula Adjust ClearType text. Pamabwera timabokosi ta mawu, inu n'kumasankha kamene kakuoneka bwino, ngati mmene amachitira kopimitsa maso. Apa ndinawasiyira mpando eni ake. "Bambo, sankhani nokha, maso owerenga ndi anu." Titamaliza tinatseka bulawuza n'kuitsegulanso. Pomaliza ndinawaphunzitsa kudina Ctrl ndi + kuti tsamba likule, ndi Ctrl ndi 0 kuti libwerere mwakale. Kukulitsa kotereku sikuwononga chilembo, chifukwa bulawuza imachijambula mwatsopano ndi timadontho tochuluka.

Anangotsala ndi dandaulo limodzi. Pa tsamba lina, ŵ wa m'dzina la Malaŵi ankaoneka ngati mlendo pakati pa anzake. Limenelo si vuto la laputopu. Mtundu wa zilembo umene eni tsamba anasankha ukakhala wopanda ŵ, bulawuza imakabwereka chilembocho ku mtundu wina.

Sindikunena kuti vuto lililonse la maso ndi la kompyuta ayi. Ngati zilembo zikuchita chifunga pafoni, papepala ndi pa chikwangwani cha pamsewu pomwe, pitani kuchipatala akakupimeni, osati kungotola magalasi pa benchi ya wogulitsa. Koma ngati vutolo limayamba mukangotsegula laputopu, mphindi khumi zokonza zikhoza kukupulumutsirani ndalama komanso mutu wowawa wa madzulo uja.

Bambo pano akuwerenga mpaka usiku. Amene akudandaula tsopano ndi mayi, akuti nsima ikumazizira patebulo.