Ndege ya mphindi ziwiri si chibwana

Kumpoto kwa Scotland, pa zilumba za Orkney, kuli ulendo wa pandege womwe umatha munthu asanakhazikike n'komwe pampando. Kuchoka pabwalo la Westray kukatera pa Papa Westray ndi makilomita 2.7 okha, ndipo mwa maulendo onse a ndege zonyamula anthu zoyenda pa ndandanda, palibe waufupi kuposa umenewu. Kampani ya Loganair yakhala ikuuluka njirayi kuyambira mu 1967 ndi kandege ka mtundu wa Britten-Norman Islander, konyamula anthu 8. Woyendetsa ndege Stuart Linklater, yemwe anapuma pantchito mu 2013, anadumphapo mtundawu m'masekondi 53, mphepo itamukomera. Ambiri akamva zimenezi amaseka, ena n'kumati ndi kuseweretsa ndalama za misonkho, poti khonsolo ya Orkney imathirapo ndalama kuti ndegezi zisaime. Ine ndikuti osekawo akuyeza ndi muyeso wolakwika.

Palibe amene amalizira injini makilomita 2.7 amenewa paokha. Ndege imanyamuka ku Kirkwall, tawuni yaikulu ya Orkney, kutera pa chilumba chimodzi, kudumphira pa chinzake, n'kubwerera, monga momwe basi imaimira pa masiteji awiri oyandikana isanapitirire. Mtunda woyenera kuwerengera ndi wa pakati pa munthu wa pa Papa Westray ndi Kirkwall, komwe kuli chipatala cha Balfour, sekondale yaikulu ndi maofesi a boma. Pachilumbapo pali anthu pafupifupi 90. Gulu lochepa chonchi silingasunge dokotala wa matenda aliwonse kapena mphunzitsi wa phunziro lililonse, choncho akatswiriwo amabwera m'mawa, kugwira ntchito, n'kubwerera. Alendo ongofuna kudzitama kuti anakwerako alipo ndithu, koma si amene njirayi inatsegulidwira.

Wina anena kuti maboti alipo, nanga osakwera amenewo bwanji? Alipodi, ndipo katundu wolemera amadalira iwo. Koma nyanja ya kumeneko m'nyengo yozizira siipanga ubale ndi munthu, ndipo ulendo wa pamadzi wopita ku Kirkwall umadya maola pomwe ndege imatenga mphindi zowerengeka. Kwa nkhalamba yokaonana ndi dokotala, kusiyana kumeneku ndiko kumanena ngati igona kwawo usiku umenewo. Za utsi woononga chilengedwe ndiye mfundo yomveka, sindingaipeputse. Komabe njira zazifupi ngati izi ndi zomwe ndege za magetsi zingayambirepo, chifukwa mabatire salimba mtunda wautali. N'chifukwa chake mu 2021 kampani ya Ampaire inakayesera ku Kirkwall ndege yake yoyendera mafuta ndi magetsi.

Chotsala ndi ndalama, ndipo n'zoona kuti matikiti okha sangalipire zonse. Koma anthu a ku Scotland akudziwa zomwe zimachitika chilumba chikasiyidwa chokha. Mu 1930 anthu 36 otsala pa St Kilda anapempha boma kuti liwasamutse, matenda ndi kusowa thandizo zitawafika pakhosi. Ku Orkney komweko, chilumba cha Swona chinatsala chopanda munthu mu 1974, ng'ombe zake n'kusanduka zakutchire. Pa Papa Westray, pomwe nyumba zamiyala za Knap of Howar zaima zaka zoposa 5,000, sukulu ya pulayimale ndi sitolo zikadali zotsegula, ndipo kandege kaja kali ndi gawo lake pa zimenezi.