Jambulani mawu, foni ikhale m'thumba

Pa shoo iliyonse masiku ano, bandi ikangoyamba nyimbo imene anthu amaikonda, mafoni amakwera m'mwamba. Amene waima kumbuyo, ngakhale analipira khomo ngati wina aliyense, amaonera woimba pa sikirini ya mnzake. Kanema wake amatuluka wogwedera, mawu ali ophulika, ndipo mwini wake sadzamuoneranso. Ine ndimajambula mashoo, koma mawu okha, foni ili m'thumba. Ndikuona kuti njira imeneyi ndi yabwino kwa ine, kwa woimba ndi kwa amene ali kumbuyo kwanga.

Kachitidwe kake nkosavuta. Bandi isanakwere pa siteji, ndimaika foni pa flight mode kuti wina asadule nyimbo pondiimbira, ndimayatsa chojambulira mawu, kenako ndimailowetsa m'thumba la malaya maikolofoni italoza kunja. Sindiima pafupi ndi masipika chifukwa besi imaphimba zonse. Malo abwino ndi pafupi ndi amene akusakaniza mawu, popeza iye amakonza zonse kuti zimveke bwino pamene wakhalapo. Zikatero ndimaiwala za foniyo. Maso ali pa woimba, manja ali omasuka kuwomba, ndipo ndimavina, kungoti sindikuwa kwambiri. Ndikafika ku hositelo ndimalemba tsiku, malo ndi mndandanda wa nyimbo.

Nanga ndimavutikiranji, nyimbozo zilipo kale pa intaneti? Nyimbo ya mu situdiyo ndi ya pa siteji ndi zosiyana. Pa siteji woimba amalankhula ndi anthu, amatalikitsa vesi, woimba gitala amapeza kanjira katsopano, khamu limayankha. Zimenezi zimachitika kamodzi. Mu 1947 ndi 1948, Dean Benedetti ankatsatira Charlie Parker m'makalabu a ku Los Angeles ndi New York nkumajambula pokhapo pamene Parker akuliza sakisofoni yekha. Matepiwo anatulutsidwa mu 1990, ndipo ophunzira jazz amawamvetsera mpaka lero. Gulu la Grateful Dead linafika popatula malo a ojambula pa mashoo ake kuyambira 1984, ndipo mashoo ake ochuluka akusungidwa pa Internet Archive. Kuno kwathu Evison Matafale anatisiya mu 2001, Lucius Banda mu 2024. Aliyense amene ali ndi mawu omveka bwino a shoo yawo akusunga mbiri imene sitingaipangenso. Ife amene timaphunzira za zolemba ndi chikhalidwe timadandaula kuti magwero akusowa, pamene mbiri ina ikudutsa pamaso pathu Loweruka lililonse.

Mnzanga wina amanditsutsa kuti kujambula mwakachetechete ndi kuba basi. Mfundo yake ili ndi mutu. Oimba athu apwetekedwa kale ndi obena nyimbo, ndipo ambiri amadalira ndalama za pa khomo kuti adye. Bungwe la COSOMA lilipo pofuna kuteteza thukuta lawo, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limapatsa woimba mphamvu pa zimene waimba. Nchifukwa chake ndimajambula mwakachetechete pofuna kusasokoneza ena, osati pobisalira mwini nyimbo. Okonza shoo akaletsa kujambula, foni imakhala yozimitsa. Mu 2018 Jack White ankatsekera mafoni a anthu m'timatumba ta Yondr, ndipo woimba wa kuno ali ndi ufulu womwewo wokana. Sindigulitsa zimene ndajambula, sindiziponya m'magulu a WhatsApp, makamaka nyimbo imene sinatuluke. A Grateful Dead nawonso anaika malire omwewa: kusinthana matepi kunali kololedwa, kugulitsa ayi. Ndikafuna kugawira anthu, ndimayamba ndatumizira woimbayo nkumupempha. Akakana, mawuwo amakhala anga ndekha.

Choncho anzanga, pa shoo ikubwerayi, kaya ndi ya pa kampasi kapena ya kunyanja, yesani kutsitsa mkono. Funsani pa khomo ngati kujambula nkololedwa, yatsani chojambulira, ikani foni m'thumba, muvine. Mukafika kwanu lembani tsiku ndi malo pa fayiloyo, chifukwa pakadzatha zaka makumi awiri, wina wolemba mbiri ya nyimbo zathu adzafuna kudziwa kuti zinali liti komanso kuti.